Kaboni wa dzanja limodzi akuvutabe akatswiri

Mphoto ya Nobel ya kemisitiri ya 2025 idapita kwa Susumu Kitagawa, Richard Robson ndi Omar Yaghi kaamba komanga maukonde a maatomu okhala ndi tizipinda tosaoneka ndi maso, momwe mungasungidwe mpweya kapena madzi. Koma pa mfundo za maukondewo pamakhala zitsulo. Funso lomwe latsala ndi loti kodi ukonde wotere ungalukidwe ndi kaboni yekhayekha, ndipo wopindikira mbali imodzi.

Kaboni ndi yemwe ali m'makala, m'dayamondi ndi m'kati mwa pensulo; chimasiyana ndi kasanjidwe ka maatomu basi. Akatswiri adapeza kaboni wonga mpira mu 1985, wonga paipi mu 1991, ndi wopyapyala ngati pepala mu 2004.

Chovuta ndi nkhani ya dzanja. Dzanja lamanja ndi lamanzere ali ndi zala zofanana, koma golovesi ya lina silowa bwino ku linzake. Mamolekyu ambiri ali chimodzimodzi, monga adaonera Louis Pasteur mu 1848. Thupi la munthu limasiyanitsa mitundu iwiriyi, n'chifukwa chake opanga mankhwala saitenga mopepuka nkhaniyi chichokereni tsoka la thalidomide, mankhwala omwe adachititsa ana ambiri kubadwa olumala asadaletsedwe mu 1961. Ukonde wa kaboni wopindikira mbali imodzi ungathe kukhala sefa yolekanitsa mamolekyu a manja awiriwa.

Papepala ukondewo ulipo kale. Mu 2008 katswiri wa masamu wa ku Japan, Toshikazu Sunada, adafotokoza kasanjidwe kotchedwa K4, komwe atomu iliyonse imagwirana ndi zinzake zitatu ndipo ukonde wonse umapota ngati chingwe. Kuuona m'botolo ndiye ayi.

Choncho akatswiri akuyamba ndi zidutswa. Gulu la Kenichiro Itami ku Nagoya University lidapanga mu 2021 molekyu yotchedwa infinitene, ya mphete 12 za kaboni zolumikizana ngati nambala 8, ndipo lidalekanitsa ya kumanja ndi ya kumanzere. Ndi luso lalikulu, komabe tisafulumire kuomba m'manja: molekyu imodzi si ukonde. Kulumikiza zidutswa zikwizikwi popanda ngakhale chimodzi chotembenukira mbali ina, komanso pamtengo womwe fakitale ingakwanitse, ndi ntchito yomwe isadachitike.