Kamakina koyeza utsi kabwere kudoko kuno



Mayi anga awamba nsomba zaka zoposa 30. Bambo akatsika m'bwato ndi kampango kapena mlamba, yotsalayo ndi ntchito ya mayi: tsiku lonse pa uvuni, maso ali psuu, utsi uli tolotolo. Pano amatsokomola usiku onse. Anawayeza TB kawiri, osaipeza. Atachoka kuchipatalako anabwerera pa uvuni pomwepo, nanga tidya chiyani?

Kuli timakina tokwana m'manja toyeza utsi ndi laser. Kamakoka mpweya, n'kuudutsitsa pa kuwala kowonda ngati ulusi. Tizidutswa ta utsi tikagunda kuwalako kamabalalika, makina n'kuwerenga. Amati PM2.5, tinthu tochepa ka 30 kuyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi, tolowa mpaka mkatikati mwa mapapo. Mu 2021 WHO inati pa tsiku tisapitirire mamaikilogalamu 15 pa kiyubiki mita ya mpweya. Ku Kampala, a AirQo a pa Makerere amapanga okha timakinati, tina amamangirira pa njinga zamoto za kabaza.

Wina anena kuti utsi tikuuona kale ndi maso, makina a chiyani? Tikuuonadi. Koma chifuwa cha mayi anga sichilowa mu lipoti la munthu aliyense, nambala ndi imene imalowa. Komanso kuyerekeza kumanamiza. Ku Chilumba ndi ku Chikwawa kunachitika kafukufuku wa ana oposa 10,000: mabanja analandira mbaula zamakono zochepetsa utsi, koma chibayo mwa ana sichinachepe. Ine ndimaona kuti mwana sapuma utsi wa m'khitchini wokha. Wathu kuno amakulira kumsana, amake ali pa uvuni. Ndiye asanatibweretsere uvuni wina "wamakono" wojambulitsa zithunzi, ayeze wakalewo, ayezenso watsopanowo, manambala atiuze tonse pagombe, osati ku hotela ku Lilongwe.

Timakinati sitangwiro, chinyezi cha kunyanja chimatha kukweza manambala. Odziwa amakonza zimenezo.

Inu a BVC, pamsonkhano ukubwerawu nkhani isakhale ya maukonde okha. Funsani a Fisheries ndi a zaumoyo ngati kangapezeke kamodzi kokha. Malo okapachika alipo kale, pa mtengo wa mango uli pafupi ndi uvuni wa mayi.