Akatuluka, Afikira kwa Yani?

Lamulo la 2010 loteteza ana limati mwana wolakwa asaponyedwe m'ndende. Azipita kumalo osinthirako khalidwe, monga ku Mpemba ku Blantyre kapena ku Chilwa ku Zomba. Nzabwino zimenezo. Koma nanga tsiku lotuluka? Mnyamata amafika pamudzi anzake akumuloza chala, malume ake enieni akubisa njinga kuchipinda. Zimandiwawa mumtima, chifukwa ameneyo ndiye mwini mbumba, woyenera kumukhazika pansi mwanayo.

Amalume, pitani mukamuone akadali komweko, ngakhale ndi kaphukusi ka mbatata yootcha. Akabwera, mum'perekeze nokha kwa kalipentala wa pamsika, ndipo madzulo muzimufunsa zomwe waphunzira tsikulo.