Mankhwala ozunguza bongo, lamulo ndi HIV m'mapulazi a ku Mashonaland

Ngati mumakhala m'komboni ya papulazi ku Mvurwi, Karoi, Bindura kapena Marondera, mayina awa si achilendo kwa inu: mutoriro, bronco, chamba ndi musombodhiya. Mwina amene akuvutika nazo ndi mwana wanu, kapenanso inu nomwe. Nkhaniyi ikukhudzana kwambiri ndi kachirombo ka HIV, ndipo mmene boma likuyendetsera zinthu mpamene pagona moyo wa anthu ambiri.

Dziko la Zimbabwe lachita bwino polimbana ndi Edzi. Kafukufuku wa ZIMPHIA wa mu 2020 adapeza kuti akuluakulu pafupifupi 13 mwa 100 aliwonse ali ndi kachiromboka, koma pofika mu 2023 bungwe la UNAIDS lidatchula Zimbabwe m'gulu la mayiko asanu amene adakwaniritsa cholinga cha 95-95-95: anthu ambiri akudziwa mmene magazi awo alili, akumwa ma ARV, ndipo kachirombo kagonja m'thupi mwawo. Amene atsalira ndi aja amaopa kufika pachipatala.

Amaopa chifukwa cha lamulo. Gawo 157 la Criminal Law (Codification and Reform) Act limati wopezeka ndi mankhwala oletsedwa, kapena wowagwiritsa ntchito, angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kukhala m'ndende mpaka zaka 5. Komabe boma lomweli, mu ndondomeko yake ya National Drug Master Plan ya 2020 mpaka 2025, lidavomereza mfundo yochepetsa ngozi kwa ogwiritsa ntchito mankhwalawa, ndipo mu June 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa adakhazikitsa ndondomeko ina yofika mu 2030. Dzanja limodzi likuitana wodwala, linalo lagwira unyolo. Bungwe la Zimbabwe Civil Liberties and Drug Network lakhala likupempha kuti malamulowa aunikidwenso, ndipo pempholi lili ndi nzeru, pakuti mnyamata woopa kumangidwa sauza namwino zoona, ndipo akatsekeredwa popanda mankhwala ake, kachirombo kamayambanso kuchulukana. Lamulo limasintha: mu 2022 Zimbabwe idafafaniza gawo 79 limene linkalanga anthu pa mlandu wopatsira ena HIV, chifukwa linkachititsa anthu mantha kukayezetsa.

Kuchepetsa ngozi kumatanthauza kuteteza munthu ku matenda ndi imfa ngakhale asanathe kusiya. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti odzibaya jakisoni azipatsidwa singano zatsopano, ndipo ozolowera heroin azilandira methadone, monga Tanzania idayambira pachipatala cha Muhimbili mu 2011. Koma dziwani kuti methadone sathandiza wosuta mutoriro. Pa mutoriro ngozi yaikulu ya HIV imadzera m'kugonana: munthu amatha masiku osagona, chilakolako chimakwera, kondomu imaiwalika, nthawi yomwera ma ARV imadutsa. Pa nyengo yogulitsa fodya, kapena makorokoza a ku Mazowe ndi Shamva akapeza golide, ndalama ndi mankhwalawa zimayendera limodzi m'mabala.

Kwa ambiri a inu palinso vuto la ziphaso. Makolo anu adachokera ku Malawi, Zambia kapena Mozambique kudzagwira ntchito m'mapulazi a azungu, ndipo kuyambira mu 2000, minda italandidwa, mabanja ambiri adataya ntchito, nyumba ndi tizipatala ta papulazi. Ena mpaka lero alibe chitupa. Gawo 43 la Malamulo Aakulu a dziko a mu 2013 limati wobadwira m'Zimbabwe malamulowo asanasindikizidwe, amene kholo lake linali nzika ya dziko la SADC, ndipo iye ankakhala m'dzikomo, ndi nzika mwa kubadwa. Gawo 76 limapatsa aliyense wodwala matenda okhalitsa ufulu wolandira chithandizo, ndipo limaletsa kubweza munthu wofunika thandizo lamwadzidzidzi. Silipatula womwa bronco.

Pamene tikudikira aphungu, pali zimene mungachite. Ngati muli pa ma ARV, imwani tsiku lililonse ngakhale mwaledzera kapena mwasuta. Kudumphitsa n'koopsa kuposa kumwa. Uzani adokotala zimene mumagwiritsa ntchito, makamaka ngati mankhwala anu ali ndi ritonavir, chifukwa ameneyu amachulukitsa mphamvu ya mutoriro m'magazi. Achipatala ali ndi udindo wokusungirani chinsinsi. Ngati mulibe kachirombo, funsani za PrEP. Ngati mwagonana mosadziteteza kapena mwabwerekana singano, pitani kuchipatala pasanathe maola 72 mukapemphe PEP, amene amamwedwa masiku 28. Musasakanize bronco ndi mowa, pakuti zonsezi zimafooketsa kupuma.

Inu osamalira wodwala, kumuthamangitsa pakhomo kapena kumumanga ndi chingwe kumangomutalikitsa ndi chipatala. Msungireni khadi lake, mukumbutseni tsiku lokatenga mankhwala, ndipo ngati wamangidwa, dziwitsani apolisi kuti ali pa ma ARV ndi kumutengera botolo lake tsiku lomwelo. Akayamba kuona kapena kumva zinthu zomwe palibe, mtengereni kuchipatala chachikulu cha chigawo chanu, ku Chinhoyi, Bindura kapena Marondera.