Mtengo wa usipa amaupanga ndani?

Kodi chigoba cha usipa padoko la Senga Bay chili ndi mtengo wodziwika? Boti likangokocheza m'mamawa mtengo umakhala wokwera. Dzuwa likatentha, kapena mvula ikaopseza, umagwa. Sikelo palibe, pozizira posungira nsomba palibe. Mlovi amene wachezera kukoka chilimira usiku wonse amangolandira zomwe wogula wanena, poti nsomba sidikira munthu.

Usipa womwewo ukauma pathandala umalowa m'matumba, kudzera ku Mchinji mpaka ku Chipata, komwe umakapikisana ndi kapenta wa ku Kariba. Ndani ku Salima amadziwa ndalama zomwe thumbalo limapha likawoloka malire? Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, petulo wa injini ndi maukonde zinakwera. Nanga gawo la mlovi linakwera nazo?

Sitikuloza chala amayi a geni. Iwonso amalipira galimoto ndi chiphaso cha msika, ndipo usipa ukachita nkhungu mpamba wonse umathera pomwepo.

Ku Norway, lamulo la 1938 linapatsa bungwe la asodzi mphamvu yoika mtengo woyambira, ndipo wogula saloledwa kutenga nsomba padoko ndi ndalama zochepera pamenepo. Kwathu kuno boma limalengeza chaka ndi chaka mitengo yoyambira ya chimanga, soya ndi mtedza, fodya amagulitsidwa pa madola ku okushoni ya Kanengo. Kodi nsomba si zokolola? Kapena thukuta la panyanja silofanana ndi la kumunda?

Nanga mbuna? Tinsomba tamawangamawanga ta m'miyalati takhala tikunyamuka tamoyo kuchokera ku Kambiri m'boma la Salima, kukwera ndege, kukagulitsidwa kamodzikamodzi pa mayuro m'masitolo a ku Germany. Kumeneko amaweta zawo, komabe yogwidwa m'nyanja ya Malawi ndiyo yodula. Mnyamata amene amamira kukaigwira anauzidwapo zimenezi?

Pachilumba cha Mbenji, mfumu Makanjira ikatseka usodzi nyengo ya dzinja asodzi amamvera, ndipo akhala akumvera kwa zaka zambiri. Anthu okhoza kugwirizana pa nkhani yovuta chonchi angalephere bwanji kugwirizana pa muyezo umodzi wa chigoba? Alangizi a zausodzi amalemba kale nsomba zomwe zakocheza m'madoko. Chikuletsa n'chiyani kuti alembenso mitengo ya ku Lilongwe, Chipata ndi Tete, n'kumailengeza pawailesi maboti asanakocheze?