Bemberezi musamuphe, ndi njuchi

Kwathu ku Kawale, bemberezi akangolira pakhonde, ana amathamangira patapata kuti amuphe. Inenso ndinaphapo angapo, ndisaname. Ndinkalakwitsa.

Bemberezi ndi njuchi. Padziko lonse pali mitundu ya njuchi pafupifupi 20,000, ndipo yambiri sikhala mumng'oma, ilibe mfumukazi, sipanga uchi. Yaikazi imadzikumbira yokha chisa mumtengo wouma kapena m'nthaka, n'kusiyira ana ake mungu woti adye.

Tsono taonani ntchito yake. Duwa la tomato kapena la biringanya limabisa mungu m'timachubu. Bemberezi amaligwira, n'kunjenjemeretsa thupi lake mpaka munguwo utatuluka. Njuchi ya uchi singathe zimenezi. Mukamupha, mwachotsa waganyu wa kadimba kanu kakuseri kwa nyumba, waulere.

Makolo amati amaboola mapaso a denga. Sakunama. Koma pakani mapasowo penti, muike chipika chouma kumpanda kuti aziboola chimenecho. Uja amakuzungulirani kumaso nthawi zambiri ndi wamphongo, alibe n'komwe mbola.

Chondidandaulitsa kwambiri ndi mankhwala. Kupopera m'mawa maluwa atatseguka n'kuika poizoni pambale ya njuchi. Ngati kupopera kuli kosapeweka, uzani akunyumba adikire dzuwa lilowe.