ORTON CHIRWA NDI PHUNZIRO LA PA DZALEKA

Aliyense wodutsa pa Dzaleka, m'boma la Dowa, amaona msasa wa anthu othaŵa kwawo oposa 50,000, ambiri mwa iwo ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Koma chisanafike chaka cha 1994, malo ameneŵa anali ndende yosungirako anthu pa zifukwa za ndale, ndipo ochuluka mwa iwo sanaonekerepo pamaso pa woweruza. Dzina lenilenilo linali lumbiro limene munthu amayenera kutuluka nalo, lakuti adzaleka. Nchifukwa chake pokamba za Dzaleka nkoyenera kukumbukira malemu Orton Edgar Ching'oli Chirwa, loya woyamba wachikuda m'dziko muno. Iwo sanatsekeredwe pa Dzaleka, koma mchitidwe umene unadzaza ndendeyo ndi womwewo umene unatenga moyo wawo.

A Chirwa anabadwa m'chaka cha 1919 m'boma la Nkhata Bay. Ataphunzira ku Fort Hare, m'dziko la South Africa, anapita ku London kumene anamaliza maphunziro a uloya ku Lincoln's Inn mu 1958. Munthu wa maphunziro otere akanatha kungodzikundikira chuma. Iwo anabwerera kwawo nayamba kuimira anthu a Nyasaland African Congress pa milandu, nthaŵi imene dziko linali kulimbana ndi Chitaganya. Boma la atsamunda litalengeza lamulo la nyengo ya chipwirikiti pa 3 Marichi 1959, iwonso anamangidwa pamodzi ndi mkazi wawo, Mayi Vera Chirwa. Atatulutsidwa chaka chomwecho, anakhazikitsa Malawi Congress Party mothandizana ndi a Aleke Banda ndi ena, ndipo anakhala pulezidenti wake woyamba. Dr. Kamuzu Banda atatuluka m'ndende ya Gwelo mu Epulo 1960, a Chirwa anawasiyira mpandowo mosanyinyirika. Atsogoleri otula udindo pansi mwa njira yotere ngosoŵa.

Dziko likulandira ufulu wodzilamulira mu 1964, a Chirwa anali Nduna ya Zachilungamo. Patangopita miyezi iŵiri, mu Sepitembala, kunabuka kusamvana pakati pa Dr. Banda ndi nduna zawo. A Chirwa anachotsedwa pa udindo, ndipo anathaŵira ku Tanzania. Kumudzi kuno, anthu oganiziridwa kuti anali kumbali ya nduna zija anatengedwa popanda kuzengedwa mlandu, ena kupita nawo ku Dzaleka. Mu 1969 makhoti a makolo anapatsidwa mphamvu zoweruza ngakhale milandu ya chilango cha imfa, ndipo m'makhoti amenewo loya sanali kuloledwa.

Pa 24 Disembala 1981, a Chirwa, mkazi wawo ndi mwana wawo Fumbani anagwidwa kudera la malire a Malaŵi ndi Zambia. Boma linati analoŵa okha m'dziko, pamene banjalo linanenetsa kuti linachita kubedwa ku Zambia. Mlandu woukira boma unazengedwa m'khoti la makolo la Chigawo cha Kummwera ku Blantyre. Munthu amene anaimira anzake pa milandu anakanizidwa womuimira, kotero kuti iye ndi mkazi wake, amenenso ndi loya woyamba wamkazi m'Malaŵi, anadziyankhira okha. Mu Meyi 1983 anagamulidwa kuti anyongedwe. Apilo inakanidwa, koma maiko akunja atadandaula, chilangocho chinasinthidwa mu Juni 1984 kukhala ukaidi wa moyo wonse.

Apa mpamene pakuonekera kulimba kwa banja limeneli, lomwe linamangidwa mu 1951. Mwamuna ndi mkazi anali m'ndende imodzi ya Zomba, koma kwa zaka zisanu ndi zitatu sanaonane. Anakumana kamodzi kokha mu Sepitembala 1992, pamene kunabwera maloya ochokera ku Britain. Pa 20 Okutobala 1992, a Chirwa anamwalira ali m'ndendemo, ali ndi zaka 73. Mayi Chirwa anatulutsidwa mu Januwale 1993, ndipo m'malo mofuna kubwezera, anapitiriza ntchito ya mwamuna wawo. Anayambitsa bungwe la Malawi CARER lothandiza anthu wamba kudziŵa ufulu wawo, ndipo pambuyo pake anasankhidwa kuyendera ndende za m'maiko a mu Africa.

Choloŵa cha a Chirwa chili m'Malamulo oyendetsera dziko amene Amalaŵi anapanga pambuyo pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Malamulowo akulamula kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, aonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndiponso akhale ndi loya. Kwa osauka kuli ofesi ya Legal Aid Bureau. Ufulu umenewu ngwa munthu aliyense wokhala m'dziko muno, kaya mlimi wa fodya wa ku Ntchisi, kaya wothaŵa kwawo wa pa Dzaleka.

Komabe lamulo lolembedwa silidziyendetsa lokha. Wapolisi wosunga munthu m'chitokosi sabata yathunthu, kalaliki wa khoti wotaya failo, ndi mtsogoleri wa chipani woopseza mnzake kuti amumangitsa chifukwa chosiyana naye maganizo, onseŵa akutsegulanso chipata chimene dziko linatseka. Aliyense wogwira ntchito m'boma ndi aliyense wokhala ndi udindo m'chipani adziŵe kuti a Chirwa anali nduna, ndiponso mwini wake wa chipani cholamula, koma tsiku litafika anasoŵa wowaimira. Makolo anati chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Lumbiro la Dzaleka tsopano ndi la amene ali ndi mphamvu, ndipo alisunge tsiku ndi tsiku m'maofesi, m'makhoti ndi m'mapolisi momwe.