Foni yomva mawu: iyeseni kaye musanagulitse mbuzi

Lero tisiye kaye za phala la ana ndi za sikelo. Nkhani ndi ya mafoni amene akuti ukawalankhula amamva, amalemba okha, amayimbanso okha. Mafunso a zimenezi achuluka, makamaka kwa inu amene mukusamala wachibale waulumali, ana a ku Joni atakuuzani kuti "tikutumizirani foni, agogo azingolankhula basi."

Maganizo anga sindibisa. Zipangizozi zilipodi ndipo ena zawathandiza kwambiri. Koma kwa mabanja ambiri a kuno kwathu, kuyamba ndi kugula foni yodula ndi kuyambira kumchira. Yambani ndi munthuyo. Vuto lake ndi maso, makutu, manja kapena lilime? Nanga akufuna azichita chiyani payekha chimene pano akulephera? Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu aulumali m'Malawi muno ndi opitirira 1.5 miliyoni. Anthu onsewa sangathandizidwe ndi kachipangizo kamodzi, monga momwe Panado sachiza matenda onse.

Choyamba mumvetse momwe foni imamvera. Ilibe makutu. Anthu anaidyetsa mawu ojambulidwa ochuluka zedi pamodzi ndi zolemba zake, ndiye imangofananiza zomwe mwanena ndi zomwe inamvapo kale. Chingerezi inachimva kwa zaka zambirimbiri. Chichewa inangochilawa. Mu 2023 kampani ya Meta, eni ake a Facebook, inalengeza makina omva zinenero zoposa 1,100, ndipo mawu ambiri ophunzitsira anachokera kwa anthu owerenga Baibulo. Ndi ntchito yabwino, koma taganizani. Wowerenga Baibulo amalankhula mofatsa, m'chipinda cha zii. Agogo a ku Chisepo amalankhula ali pakhonde, nkhuku zikulira, chigayo chikulira kuseri, mano ena anaguluka kale. Komanso Chichewa chathu chili ndi kakwezedwe ka mawu. "Mtengo" wa mango ndi "mtengo" wa feteleza timalemba mofanana, koma khutu la Mchewa limasiyanitsa. Makina amavutika nazo.

Zinthu zikuyenda ndithu. Ku University of Zambia anasonkhanitsa mawu a Chinyanja ophunzitsira makinawa, ndipo kuno kwathu alimi ena ayamba kufunsa za mbewu m'Chichewa pa Ulangizi wa pa WhatsApp. Koma musagule foni lero chifukwa cha zimene idzathe mawa.

Ndiye lamulo langa ndi limodzi: wogwiritsa ntchitoyo ayese yekha musanapereke ndalama. Osati mwana wa Fomu 4 amene wakuperekezani, osatinso wogulitsa. Mwini wakeyo, ndi mawu ake, anene mayina a anthu amene amawayimbira. "Nachisale." "Abusa." "Mai a Chikondi." Foni ikalephera katatu mu shopu, kunyumba sikasintha.

Tsopano tione mmodzimmodzi.

Amene saona. Apa anthu amasokoneza zinthu ziwiri: foni yomva mawu ndi foni yolankhula. Munthu wosaona amafuna kwambiri yachiwiriyi, yomuwerengera zomwe zili pagalasi. Pa mafoni a Android imatchedwa TalkBack, pa iPhone ndi VoiceOver, ndipo zonsezi ndi zaulere, zimabwera kale m'fonimo. Wina akakuuzani kuti mulipire kuti akuikireni, akukuberani. Wophunzira amene ali ndi laputopu, pali NVDA, nayonso yaulere. Vuto lake ndi loti zimawerenga Chichewa ndi lilime la mzungu, mpaka umaseka, koma amene azolowera amamva ndithu. Zimafuna masabata ophunzira, ndipo mphunzitsi wabwino ndi munthu wina wosaona amene anazidziwa kale. Funsani a Malawi Union of the Blind, kapena aphunzitsi a sukulu za ana osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Malingunde ku Lilongwe.

Koma kwa agogo amene sanapite kusukulu, ine ndimasankha foni ya mabatani. Batani la 5 lili ndi kachiphuphu, chala chimalipeza mumdima. Muikireni kuti akadina 2 nthawi yaitali ayimbire mwana wamkulu, 3 ayimbire wa kabaza, 4 ayimbire mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi. Batire limakhala masiku angapo. Ikagwa pansi mumangotola n'kubwezeretsa chivundikiro. Sichamanyazi chimenecho.

Ndipo poti ndine namwino, ndifunse: maso amenewo anawaonapo adokotala? Okalamba ambiri amene timati "anachita khungu" ali ndi ng'ala, ndipo ng'ala imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi. Ku Nkhoma amachita, ku chipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central amachitanso. Ndalama ya foni yodula ingathe kukhala thiransipoti yokabwezera maso. Yambirani ku chipatala chanu chaching'ono akulembereni kalata.

Amene manja sagwira koma amalankhula bwino, monga ovulala msana pa ngozi ya njinga yamoto, kapena amene anaduka mikono. Awa ndi amene foni yomva mawu imawathandiza koposa onse. Pali pulogalamu yaulere ya Google yotchedwa Voice Access, imene imalola munthu kutsegula WhatsApp, kuyimba, kutsitsa ndi kukweza tsamba osakhudza foni. Imamva Chingerezi ndi zinenero zina zochepa, koma mawu ofunika ndi ochepa, munthu wa Sitandade 8 amawaloweza. Kwa munthu wotere foni ya Android ndi yoyenera, ndipo apa sinditsutsa. Mugulenso mahedifoni a chingwe okhala ndi kamaikolofoni, chifukwa pakamwa pakakhala pafupi foni imamva bwino ngakhale mvula ikugunda pamalata. Kalipentala wa pamsika angakupangireni kothimbirira foni pa njinga ya olumala kapena pambali pa bedi.

Amene anachita sitiroko. Apa ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene mabanja akutaya ndalama ndi mtima womwe. Bambo BP inakwera, mbali imodzi inafa, mawu sakutuluka bwino. Ana akuti tigule foni yoti izimva m'malo mwathu. Amayi anga, ngati inu amene mwakhala nawo zaka 30 mukuvutika kumva zimene akunena, foni siingakuposeni. Makinawa anaphunzira kwa anthu olankhula bwinobwino, ndipo lilime likalemera amasokonezeka. Google ili ndi Project Relate ya anthu a vuto lolankhula, koma munthu amayenera kuijambulira ziganizo pafupifupi 500 za Chingerezi kuti imuzolowere. Bambo wotopa, wodwala, wolankhula Chichewa chokha, zimenezi sizake. Choipa kwambiri n'choti foni ikamalephera kumumva, iye amaganiza kuti wolephera ndi iyeyo, kenako amangosiyiratu kuyesa kulankhula.

Komanso ena a sitiroko vuto si lilime lokha. Mawu enieniwo amasowa m'mutu. Akufuna kunena "madzi" koma pakutuluka "mpando". Chimene chimathandiza ndi katoni. Dulani katoni, jambulanipo kapu ya madzi, mbale ya nsima, chimbudzi, bedi, nkhope yomva ululu, ndi mayina a ana. Azilozapo. Funsani mafunso oyankha inde kapena ayi, limodzi limodzi, ndipo dikirani, musamutsirizire mawu. Mwana amene anabadwa ndi vuto la ubongo, wouma ziwalo, katoni yomweyo imamuthandiza. Ndipo musaiwale mankhwala a BP ndi mafizo. Munthu akayamba mwadzidzidzi kulankhula ngati woledzera, pakamwa papotoka, mkono wafooka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo, musadikire kuti kuche.

Amene samva. Pali Live Transcribe, yomwe inatuluka mu 2019. Wina akamalankhula, foni imalemba. Imafuna kuti wosamvayo adziwe kuwerenga, ndipo muiyese ndi Chichewa musanaidalire. Koma mwana wosamva asanafune foni amafuna chinenero cha manja ndi sukulu, monga ya ku Mua ku Dedza. Makutu akayezedwe kaye. Ena ndi phula chabe lotseka khutu, ena ndi mafinya amene anawalekerera. Ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe amayeza ndi kuika zothandizira kumva.

Pali chinthu china chimene anthu amachinyoza chifukwa chazolowereka: uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Umamva Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, ngakhale mawu a chibwibwi, chifukwa wolandira ndi munthu, osati makina. Kwa wosaona, wosadziwa kulemba, kapena wonjenjemera manja, kameneka kamathetsa mavuto ambiri. Ndipo a Airtel angayimbe kwaulere ku Chipatala Cha Pa Foni, n'kulankhula ndi wazaumoyo m'Chichewa.

Mukamawerengera mtengo musathere pa foni yokha. Mapulogalamu ambiri omva mawu amafuna intaneti, ndiye ndi bandulo mwezi ndi mwezi, ndipo netiweki ya m'zigwa zathu mukuidziwa, mpaka kukwera pachulu. Foni yomvetsera tsiku lonse imadya batire. Kodi muli ndi sola, kapena muzikatchajitsa pa tireding'i, mwini wake n'kukhala masiku awiri wopanda foni? Fodya ndi soya timagulitsa kamodzi pachaka, bandulo imatha sabata iliyonse. Foni za RAM yochepa kwambiri zimachedwa ndipo mapulogalamu ena salola kulowamo, choncho funsani musanagule. A ku Joni auzeni atumize foni yosakhomedwa ku netiweki ya kumeneko, ndipo achotsemo akaunti yawo.

Za ndalama ndiye chenjerani. Foni yolankhula ingathe kutchula mokweza ndalama zimene zatsala mu Mpamba kapena Airtel Money, anthu ali pomwepo. Mahedifoni avalidwe nthawi zonse pochita za ndalama. Nambala yachinsinsi isanenedwe mokweza kwa foni kapena kwa ejenti. Ndipo foni ikagulidwa m'dzina la munthu waulumali, ikhale m'manja mwake. Izi za kuti mdzukulu ndiye akusunga, ali pa TikTok kumsika agogo ali okha m'nyumba, ndimaziona ndipo zimandiwawa.

Musanagulitse mbuzi ija, pitani ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu ku boma la Dowa kapena la Ntchisi, mufunse za MACODA, amene tinkawadziwa kuti MACOHA, komanso za magulu a anthu aulumali a pansi pa FEDOMA. Mupite naye mwini wakeyo, ndipo akafunsidwa funso, msiyeni ayankhe yekha.